Chenjezo kwa Anthu a ku Chilenje: Kolera Sadikira Kuti Mtima Uvomere

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo aliwonse, ndipo aliyense wokhala mu Lusaka akudziwa chimene chimatsatira mvula zoyamba. Ngalande zidzadzaza, zimbudzi zokumba zidzasefukira, madzi a m'zitsime zosazama adzasakanikirana ndi zonyansa, kenako wailesi idzalengeza kuti kwapezeka odwala. Ndikulembera inu anansi anga a ku Chilenje, Chilenje South, Libala ndi Kabwata mvulayi isanalimbe. Zosamba m'manja ndi sopo ngakhale mwana wa giredi 2 amaziloweza, choncho sinditaya nazo nthawi yambiri. Chimene chikundisowetsa tulo ndi maola amene amadutsa kuchokera pamene munthu wayamba kutsekula m'mimba kufikira pamene banja lavomera kumunyamula kupita naye kuchipatala. Anthu athu ambiri amafera m'maola amenewo, ndipo chimene chimawachedwetsa chimakhala m'mitima ya anthu amene amawakonda.

Pa mliri umene unayamba mu October 2017 ku komboni ya Chipata n'kufalikira ku Kanyama, anthu pafupifupi 5,900 anadwala m'dziko muno ndipo 114 anamwalira, 98 mwa iwo muno mu Lusaka. Oposa theka la omwalira a mu Lusaka anafera kunyumba kapena panjira, asanaone ngakhale khomo la chipatala. Mliri umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 zinatsegulidwa pa 12 February. Komatu kolera ndi matenda ochizika. Wodwala akabwezeredwa madzi m'thupi mwachangu, omwalira sakwana ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Akasiyidwa osathandizidwa atadwalika kwambiri, theka la odwala otere atha kufa, ena tsiku lomwelo.

Mu January 2024, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, munthu anagogoda pazenera langa. Anali mayi wa nyumba yachitatu kuchokera pa yanga, atafunda chitenje kumutu, kapu ili m'manja. "Aneba, pepani ndakudzutsani. Muli ndi kashuga pang'ono? Atate ake a ana m'mimba mwawavuta." Analankhula modekha ngati akupempha machesi. Ndinanyamula paketi yonse n'kumutsatira.

Bamboyo ndinamupeza ali gone pamphasa pabalaza, atalephera kubwerera kuchipinda. Maso anali atalowa m'kati, masaya atafota, milomo itauma gwaa, zala zitakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Minofu ya m'miyendo inkakokana, koma mphamvu zobuulira analibe, mawu ankangotuluka ngati kunong'ona. Nditamutsina khungu la pamimba, linangoima chomwecho osabwerera. Pambali pake panali ndowa ya pulasitiki yovundikiridwa ndi saka ya ufa. Nditavundukula ndinaona madzi otuwa ngati otsukira mpunga. Ndinayang'ana mayi uja. "Si ija ayi," anatero asanafunsidwe. "Anadya chikanda kumaliro dzana. Akadya chikanda amatero." Dzina la matendawo sanalitchule ngakhale kamodzi usiku wonse. Nkhope yake inali ya bata, mpaka anayamba kundiuza za mayunifolomu a ana amene anali asanasokedwe.

M'nyumbamo munalinso mng'ono wa wodwalayo, mnyamata wa pakoleji. Iyeyu pansi panamuwawa. Ankangoyendayenda, foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Zizindikiro zonse anali ataziwerenga pa intaneti. Anandikokera panja n'kuyamba: "Akulu, ndikudziwa zimene mukuganiza, koma tamverani. Amene akupita ku Heroes sakubwerako. Komanso alemba kuti ambiri amachira okha. Tawamwetsa kale flagyl. Kwangotsala maola awiri kuti kuche, panopa takisi tiipeza kuti? Ndiye akabwera kudzapopera mankhwala panyumba pano, mzere wonse udziwa." Chifukwa chimodzi chikagwa, ankatola china. Pambuyo pake ndinamva kuti cha m'ma 9 koloko madzulo mkulu wakeyo anapempha yekha kuti apite naye kuchipatala, ndipo mng'onoyu ndi amene anati adikire kaye aone mmene kuchere.

Anthu awiriwa ankanena chinthu chimodzi, choti wodwala asapite panopa. Koma zimene zinkachitika m'mitima mwawo zinali zosiyana kutalitali, ndipo akatswiri a za maganizo a munthu anazipatsa mayina osiyana.

Cha mayi uja amachitcha denial, ife tingoti kukana. Kukana kumeneku n'kosiyana ndi bodza. Wabodza amadziwa choona n'kuchibisira ena, pamene wokana mtima wake umatseka chitseko choonacho chisanalowe n'komwe, mwini wake osadziwa kuti chitseko chatsekedwa. Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna, ndi amene anayamba kulemba za zimenezi, ndipo mwana wake wamkazi Anna Freud anazifotokoza bwino m'buku lake la mu 1936 lonena za njira zimene mtima umadzitetezera ku zinthu zoopsa. Mu 1969 dokotala wina, Elisabeth Kübler-Ross, atacheza ndi odwala ambiri osayembekezeka kuchira m'chipatala ku Chicago, analemba kuti ambiri akangouzidwa za matenda awo amayamba ndi kukana, ndipo kukanako kumawapatsa mpata woti apume asanasenze uthenga wolemerawo. Choncho mayi uja sanali wopusa kapena wouma mtima. Mwamuna wake ndiye ankalipira lendi ndi fizi. Kuvomera kuti m'ndowa muja muli kolera kunali kuvomera kuti mwina pofika masana akhala wamasiye ndi ana anayi, ndipo mtima wake unakana kusenza zimenezo pa 4 koloko m'bandakucha. Pa matenda oyenda pang'onopang'ono, kukana kwa tsiku limodzi kapena awiri sikuwononga zambiri. Kolera amatha kukhetsa lita imodzi ya madzi m'thupi la munthu wamkulu pa ola limodzi, ndiye mpata wopumira umenewo palibe.

Cha mlamu wake amachitcha cognitive dissonance, umene ndi mkangano wa mumtima. Kumeneku chitseko n'chotsekula, choona chalowa kale, koma chapeza m'nyumbamo muli china chimene sichingagone nacho mphasa imodzi. Mnyamata uja ankadziwa kuti iye ndi wophunzira, wokonda mkulu wake. Ankadziwanso kuti ndi iye amene anamuletsa kupita kuchipatala maola asanu ndi awiri apitawo. Ziwirizi zikakumana mumtima zimaluma, ndipo munthu amachita chilichonse kuti kulumako kuleke. Leon Festinger, katswiri wa ku America amene analemba buku la nkhaniyi mu 1957, anapereka chitsanzo cha wosuta fodya amene wamva kuti fodya amawononga thupi. Atha kusiya kusuta, ndipo mkangano utha. Koma kusiya n'kovuta, choncho ambiri amasankha njira yapafupi: amakayikira madokotala, amakumbukira agogo awo amene anasuta mpaka kukalamba, amanena kuti munthu sangalewe zoopsa zonse. Zifukwa zisanu zimene mnyamata uja anandiunjikira panja paja ntchito yake inali imeneyo. Pondiuza ine, ankadziuza yekha kuti sanalakwe.

Mu 1959 Festinger ndi James Carlsmith analemba za mmene anayesera zimenezi pa ophunzira a ku yunivesite ya Stanford. Aliyense anapatsidwa ntchito yogwetsa ulesi kwa ola lathunthu, kuika timaguduma ta ulusi m'thireyi n'kutichotsanso, kenako kupotokola tizikhomo tamatabwa pang'onopang'ono. Atamaliza anapemphedwa kuuza munthu wotsatira kuti ntchitoyo ndi yosangalatsa. Ena analipidwa dola imodzi chifukwa cha bodzalo, ena madola 20. Atafunsidwa pambuyo pake mmene anaionera ntchitoyo, olipidwa dola imodzi ndi amene anaiyamikira kwambiri. Wa madola 20 anali ndi chifukwa chomveka chonamira, choncho mtima wake unali phee. Wa dola imodzi analibe chifukwa chokwanira, ndiye mtima wake unasintha nkhani kuti asadzione ngati wabodza wotchipa. Festinger yemweyo ndi anzake awiri analembanso buku mu 1956 lonena za kagulu ka anthu a kufupi ndi Chicago amene ankakhulupirira kuti chigumula chidzawononga dziko pa 21 December 1954. Malinga ndi bukulo, tsikulo litadutsa popanda kanthu, amene anali atasiya ntchito ndi kutaya chuma chawo ndi amene anaumirira kwambiri pa chikhulupirirocho. Munthu akataya zambiri panjira yolakwika, kubwerera kumamuwawa koposa. N'chimodzimodzi ndi ola lililonse limene banja ladikira ndi wodwala m'nyumba: limawonjezera manyazi a kuvomera kuti kudikirako kunali kulakwa, ndipo banja limadikiranso ola lina kuti lisavomere.

Mungawasiyanitse bwanji awiriwa usiku, tochi ili m'manja? Yang'anani nkhope ndi kuchuluka kwa mawu. Wokana amakhala wodekha modabwitsa, amapereka chifukwa chimodzi chachifupi, amasintha nkhani, ndipo dzina la vutolo amalizemba n'kumangoti "ija" kapena "zija". Wa mkangano mumtima sakhazikika, amapsa mtima msanga, dzina la vutolo amalidziwa bwino kuposa inu, ndipo zifukwa zake sizitha. Nthawi zina zonse ziwiri zimapezeka mwa munthu mmodzi, madzulo akukana, pakati pa usiku akudzilungamitsa. Ndikuumirira pa kusiyanaku chifukwa mukawalankhula mofanana muwataya onse. Ine ndinalakwitsa chomwecho usiku umenewo. Ndinauza mayi uja mokweza kuti uyu ndi kolera ndipo amuna ake afa, iye anangondiyang'ana ngati ndikulankhula chilankhulo chachilendo n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi. Ndinauza mnyamata uja kuti akupha mkulu wake, iye anakwiya n'kuwonjezera zifukwa zina ziwiri. Mphindi khumi ndi zisanu zinatayika pakamwa panga.

Amene anamasula mfundoyi ndi ambuya ena a mzere womwewo, amene anadzuka atamva phokoso. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo za Festinger sanamvepo. Anagwada pafupi ndi wodwalayo, anamugwira pamphumi, kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "Mwana wanga, kaya ndi chikanda kaya ndi chiyani, madzi awathera m'thupi atatewa. Tiye akawaike diripu, ubwera nawo masana. Tenga bulangete ndi kadi lawo la kuchipatala." Dzina la matendawo sanalimbane nalo. Anamupatsa ntchito yaing'ono yoti manja ake agwire, ndipo mayiyo ananyamuka. Kenako anaitana mnyamata uja. "Atate, mwachita bwino kuwayang'anira akulu anu usiku wonse. Panopa zasintha, mwaona nokha. Inu ndinu wa foni, tipezereni galimoto." Anamutsekulira khomo lotulukira popanda kumuvula ulemu, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri galimoto ya mnzake inali pageti. Tili m'njira tinkamumwetsa wodwalayo madzi a shuga ndi mchere ndi supuni. Anagonekedwa masiku anayi, ndipo lero ndimamuona m'mawa uliwonse akupita kokwerera basi.

Tsono ndinene za kukana kwathu ife a ku Chilenje monga mudzi, chifukwa kumeneku n'kumene kukundiopsa kwambiri. Timakonda kunena kuti kuno si kukomboni. Nyumba zathu zinamangidwa m'mizere ndi khonsolo, tili ndi mipopi, ambiri tili ndi zimbudzi zamadzi, ndiye tikamva za kolera timaloza ku Kanyama, ku George, ku Chawama ndi ku Matero. N'zoona kuti kumeneko vuto ndi lalikulu. Lusaka anakhala pamwala wa laimu wokhala ndi mphako zambiri, madzi a pansi ali pafupi ndi nthaka, ndipo zotuluka m'chimbudzi chokumba zimayenda msanga kukafika m'chitsime cha mnansi. Koma repu ndi tomato zimene timagula pamsika wa Chilenje zambiri zimadzera kumsika wa Soweto. Mtsikana wantchito amene amatiphikira amagona ku komboni. Minibasi imene timakwera popita m'tauni imanyamula aliyense, ndipo makwacha amadutsa m'manja ambirimbiri asanafike m'thumba mwathu. Madzi akasiya kutuluka pampopi kwa masiku awiri, timatunga paliponse n'kusunga m'madiramu osavundikira amene ana amaviikamo makapu. Kuseri kwa nyumba zambiri kwamangidwa tizipinda ta lendi, ndipo chimbudzi chimene chinamangidwira banja limodzi chikugwiritsidwa ntchito ndi mabanja anayi. Kuwonjezera apo, anthu ambiri otenga kachilombo ka kolera sadwala n'komwe, koma amakatulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo. Munthu wooneka wathanzi, wovala taye, atha kukabweretsa pakhomo panu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mtunda wochokera ku Chawama kufika ku Chilenje ntchentche siitopa nawo.

Za mphekesera yoti opita ku Heroes sabwerako, imene inamveka paliponse mu 2024, taonani mmene inkadzidyetsera yokha. Banja likuopa kupita, ndiye likudikira. Wodwala akufika kumeneko atatheratu madzi, impso zitaima, ndipo akumwalira. Anansi akumva kuti uje anapita ku Heroes n'kufera komweko, mantha akukula, banja lotsatira likudikira nthawi yotalikirapo. Anthu masauzande amene anafika msanga n'kutuluka akuyenda okha nkhani yawo sinkamveka, chifukwa wochira kolera amabwerera kwawo mwakachetechete, manyazi atamugwira. Mphekeserayi inali mphatso kwa aliyense wa mkangano mumtima, chifukwa inasandutsa kuchedwa kukhala chikondi. Mukadzaimvanso chaka chino, kaya ikunena za chipatala chiti, mudzafunse kuti wodwalayo anakhala maola angati kunyumba asanapite.

Pamaliro ndi pamene mkangano wa mumtima umaluma kwambiri, ndipo pano ndilankhule mofatsa chifukwa nanenso ndinaikapo abale. Mwambo wathu umati mtembo usambitsidwe ndi achibale, anthu agone pasiwa, aphikiridwe nsima, atsanzikane ndi malemu poona nkhope. Azaumoyo amati mtembo wa munthu wofa ndi kolera umafalitsa matenda, usagwidwe ndi manja osavala, uikidwe msanga moyang'aniridwa ndi iwowo, ndipo anthu asasonkhane. Mwana amene amakonda mayi ake amamva zonse ziwiri, ndipo zonse ziwiri ndi zoona kwa iye. Njira yapafupi yothetsera kulumako ndi kusintha dzina la matenda: anali a shuga, inali BP, anawalodza. Akatero mwambo umayenda, azimayi amene asambitsa mtembo amapita kukathandiza kukhitchini, anthu zana amasamba m'manja m'beseni limodzi, ndipo sabata isanathe pamakhala maliro ena. Abusa, atsogoleri a zigawo za mpingo ndi akuluakulu a mabanja, nkhani iyi ili m'manja mwanu. Mukauza banja kuti kuika malemu motsatira malangizo a chipatala si kuwataya, ndi kuti mwambo wa chikumbutso udzachitika mliri ukatha, mwawachotsera chifukwa chonamira.

Ife a ku Chilenje tili ndi chitsanzo pakhomo pathu penipeni. Nyumba nambala 394, imene tsopano ndi malo osungirako mbiri ya dziko, ndi mmene Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira mu January 1960 mpaka mu December 1962 pomenyera ufulu. Mwana wake Masuzyo anamwalira mu December 1986, nthawi imene Edzi inkatchulidwa monong'ona ndipo mabanja ankati wakuti wadwala nthawi yaitali. Mu 1987 Kaunda, ali pulezidenti, anauza atolankhani poyera kuti mwana wakeyo anafa ndi Edzi. Akanatha kubisa, ndipo palibe akanamufunsa. Yerekezani ndi South Africa mu ulamuliro wa Thabo Mbeki, kumene boma linkakayikira zoti HIV ndiyo imayambitsa Edzi n'kuchedwetsa mankhwala a ma ARV. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Zimene ndikunena za kolera zikukhudzanso m'bale wanu amene wasiya kumwa ma ARV chifukwa wanenepa, mayi amene ali ndi chotupa m'bere koma akuti ndi chithupsa, ndi bambo amene akutsokomola mwezi wachitatu n'kumati ndi fumbi. Kusiyana kwake n'koti matenda amenewo amakupatsani miyezi yoti muganize bwino, pamene kolera amakupatsani usiku umodzi.

Pasapezeke wonditenga mawu n'kumati anthu osauka amafa chifukwa cha maganizo awo. Mu January 2018 anthu a ku Kanyama anachita zipolowe boma litaletsa malonda a m'misewu ndi kuyenda usiku, asilikali ali m'tauni kuyeretsa misika. Mayi wogulitsa vitumbuwa amene anathamangitsidwa nthawi imeneyo kolera ankamudziwa bwino, koma ankadziwanso kuti ana ake agona ndi njala akapanda kugulitsa. Mkangano wotere suthetsedwa ndi uphungu. Umafuna mpopi wotuluka madzi, chimbudzi chaukhondo pamsika, ndi galimoto yonyamula zinyalala yobwera pa tsiku lake. Akuluakulu a maofesi nawonso ali ndi mkangano wawo: amadziwa kuti mliri umabwera ndi mvula, ngalande amazikumbukira anthu atayamba kufa, kenako amapeza mpumulo ponena kuti anthu a m'makomboni ndi auve. Zimenezo tipitirize kuwafunsa makhansala ndi aphungu athu mosatopa. Koma mipopi yatsopano sifika mvula ya chaka chino isanagwe, ndipo usiku wodwala ali pamphasa m'nyumba mwanu mudzakhala inu nokha ndi mtima wanu.

Choncho konzekerani lero, mutu uli wozizira, chifukwa nthawi ya mantha mtima sudalirika. Khalani pansi ndi onse a m'nyumba, kuphatikizapo alendi ndi wantchito, mugwirizane lamulo limodzi: nyengo ya mvula ino, aliyense akatsekula m'mimba zamadzimadzi, makamaka zotuwa kapena zotsagana ndi kusanza, tikupita kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, popanda msonkhano. Lamulo lopangiratu limachotsa mtolo pa munthu mmodzi, moti palibe amene adzafunike kuvomera kuti analakwitsa. Chipatala cha Chilenje Level 1 chili pafupi nafe. Sungani mapaketi a ORS pamalo odziwika ndi aliyense. Ngati palibe, sungunulani masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Yambani kumwetsa wodwala pomwepo, pang'onopang'ono koma mosalekeza, ngakhale akusanza, ndipo pitirizani muli m'galimoto. Madzi amenewa ndi oti afike nawo kuchipatala ali moyo, asakupusitseni kuti mukhale kunyumba. Khanda lipitirize kuyamwa. Flagyl wogula pakantemba sabwezera madzi m'thupi, mankhwala oimitsa m'mimba sachiza kolera, ndipo kachasu amene ena amati amapha tizilombo amangoumitsa thupi kuwonjezera. Katemera wakumwa akabwera m'dera lathu kalandireni, koma musaleke kuthira klorini m'madzi chifukwa choti mwalandira.

Mukapeza mnansi akukana, musalimbane naye pa dzina la matenda. Lankhulani za chimene maso ake akuona, monga milomo youma ndi mkodzo umene wasiya kutuluka, mum'patse kantchito kogwira ndi manja, ndipo mupite naye limodzi. Mukapeza wina akuunjika zifukwa, musamuchititse manyazi pagulu, pakuti manyaziwo ndi amene akumumanga. Muuzeni kuti zinthu zasintha kuchokera madzulo, mum'patse udindo pa ulendowo. Wodwala akakhala mwana, nkhalamba kapena mayi woyembekezera, ndipo eni nyumba akukanabe, itanani anansi ena ndi azaumoyo, za kukwiyirana mudzakambirana wodwala ali padiripu.

Chovuta koposa ndi kudzigwira wekha. Kukana sungakuone mwa iwe mwini, chifukwa ntchito yake ndi yoti usaone, n'chifukwa chake mufunika kusankhiratu munthu mmodzi, kaya mnansi kaya mlongo wanu, amene mwamulonjeza kuti akadzati "tiyeni" mudzanyamuka osatsutsa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mkangano wa mumtima umamveka. Ukadzazindikira kuti pamimba pakukuluma ndi nkhawa, ndipo wapeza chifukwa chachitatu chodikirira kuti kuche, dziwa kuti mtima wako wadziwa kale choona ndipo ukungofuna pobisala. Pamzere wathu tinalemba nambala za anthu atatu okhala ndi galimoto, amene anavomera kudzutsidwa ola lililonse, ndipo pepalalo tinalimata kuseri kwa chitseko cha nyumba iliyonse. Mafuta timasonkherana pambuyo. Lembani pepala lanu madzulo ano, mugule klorini ndi mapaketi a ORS mawa m'mawa popita kumsika.